Mawu Akuti "Michere" Asenzetsedwa Katundu Wosayenera

Pali chizolowezi pakati pa omasulira nkhani za sayansi chotanthauzira enzayimu kuti "michere yogaya chakudya." Kumasuliraku kuli ndi zilema ziwiri. Choyamba, mawu akuti michere ali kale ndi ntchito yotchula zofunika m'thupi zopezeka m'zakudya. Chachiwiri, chimene chili chachikulu, amanamiza wophunzira kuti enzayimu iliyonse imakhala m'mimba.

Bodzali limaonekera poyera pa gulu la maenzayimu amene amadula DNA ndi RNA, zinthu zosunga ndi kunyamula malangizo a chibadwa m'maselo. Ena mwa iwo amagayadi chakudya m'matumbo, koma ambiri amagwira ntchito m'kati mwa selo lamoyo. Selo lofiira la magazi likamakhwima limataya phata lake, ndipo enzayimu yotere ndiyo imaphwanya DNA yotayidwayo. Mphunzitsi wa ku Guilleme m'boma la Mchinji ali ndi chitsanzo m'munda momwemo: masamba a chimanga akamafota, maenzayimuwa amaphwanya RNA ya m'masambamo kuti fosiforasi ndi nayitirojeni zipite ku njere. Chimanga chilibe mimba. Tsono michere yogaya chakudya ikutani m'tsamba? Nawonso mabakiteriya amadula nawo DNA ya mavairasi, ndipo ntchito yofufuza zimenezi inapatsa Werner Arber, Daniel Nathans ndi Hamilton Smith mphoto ya Nobel mu 1978.

Nzeru yabwino ndi kubwereka mawuwo. Anthu a ku Mchinji amalemba Guilleme, dzina la Bishopu Mathurin Guillemé, koma pakamwa amati Gilime, ndipo palibe amasokera njira. Dzina la munthu lisungidwe momwe liliri. Mawu a sayansi ndiwo ayenera kugonjera kalembedwe ka Chichewa.

Apa napo pali msampha. Malamulo a kalembedwe amene Bungwe la Chichewa linakonzanso mu 1990 amafuna "r" pambuyo pa "i" kapena "e", motero kulemba koyenera ndi nyukiriyezi, osati nyukiliyezi. Lamulo lomwelo likanachititsa kuti dzina la enzayimu yodula RNA liyambe ndi "l", ndipo ubale wake ndi RNA ukanabisika. Akonzi angachite bwino kulemba nyukiriyezi ya RNA ndi nyukiriyezi ya DNA, n'kusiya zilembo zitatuzo momwe zilili.