Kamphindi Kamene Izeki Ankakhala Chete

Pa Zalewa, pomwe msewu wochokera ku Blantyre umagawikana, wina kulowera ku Mwanza wina kulunjika ku Balaka, panali kanyumba ka vidiyo kofolera ndi malata akale. M'menemo ndi momwe ndinaonera koyamba nkhope ya munthu amene mawu ake ndinali nditawazolowera kale pa wailesi. Ine ndi amalume tinkatsika kuchokera kumtunda kwa Neno ndi matumba a kachewere ndi manachesi, ndipo katundu akatha ankanditambasulira kandalama n'kunena kuti, "Pita ukaone, mphwanga, koma usachedwe, galimoto sidikira munthu." M'katimo munali mdima ndi mabenchi a matabwa osapala, fungo la thukuta litasakanikirana ndi la chimanga chootcha. Masiku ambiri ankaonetsa mafilimu a karate. Koma tsiku limene mwini wake waika Izeki ndi Jakobo, ngakhale amayi ogulitsa tomato ankasiyira anzawo malonda n'kudzaunjikana pakhomo, ana ali kumsana.

Izeki anali malemu John Nyanga, Jakobo anali malemu Eric Mabedi, onse a gulu la zisudzo la Kwathu la ku Blantyre. Mayina awo a pabwalo ndi a m'Baibulo, Isake ndi Yakobo, ongopindidwa pang'ono monga momwe lilime lathu limapindira mayina achingerezi. Ndipo dzina la Isake pa Chiheberi limanena za kuseka, pakuti mayi ake Sara anaseka atamva kuti adzabala mwana muukalamba. Dzina limeneli linagwera mwini wake.

Anthu akamakumbukira a Nyanga amatchula nkhope, zovala zosakhala bwino pathupi, ndi mayankho aja osokoneza mutu. Zonsezo n'zoona. Koma chimene ine ndinachiona pa benchi ya pa Zalewa, ndipo ndakhala ndikuchisinkhasinkha mpaka lero, ndi kamphindi kachete kamene kankabwera yankho lisanatuluke. Jakobo afunsa funso, lomveka bwino, loti mwana wa sitandade 2 akhoza kuyankha. Izeki sayankha. Ayamba wamuyang'ana mnzakeyo, kenako atembenuzira nkhope kwa anthu, maso ali tong'o, milomo ikuyenda pang'ono ngati munthu amene akutafuna ganizo lolimba. Pamenepo phwete layamba kale kumbuyo kwa holo. Aliyense wadziwa kuti chimene chikubwera n'chokhota, koma palibe amene akudziwa kuti chikhotera kuti. Akamadzatsegula pakamwa n'kuti anthu atapsa kale, mawuwo amangogwetsa chipatso chimene chinali chitalendewera.

Kutalika kwa kachete kameneka ndiye luso lonse. Kakafupika, anthu sanakonzeke, nthabwala imadutsa ngati mphepo. Kakatalika, wina m'gulu amafuula yankho lake, kapena anthu amayamba kuganiza kuti wasewero waiwala mawu. A Nyanga ankakayeza ndi khutu. Ankamvetsera anthu monga momwe mayi amamvetserera mphika wa nsima pamoto, kudziwa ndi kulira kwa phala kuti tsopano ndi nthawi yothira ufa. N'chifukwa chake nthabwala imodzimodziyo ankatha kuibwereza malo osiyana koma osatopetsa: mawu anali omwewo, kayezedwe ka nthawi kanali ka anthu a tsiku limenelo.

Izi ndinazimvetsa bwino pamene ine ndi mnzanga wina tinayesa kuwatsanzira pa tsiku lotsekera sukulu kwathu ku Neno. Tinaloweza mawu onse, tinabwereka jekete lalikulu la agogo, tinayeserera mpaka kayendedwe. Anthu anaseka pang'ono pamene tinkalowa, kenako bwalo linazizira. Madzulo ake aphunzitsi athu a Chichewa anandiitana n'kundiuza kuti, "Mwana wanga, mawu unawagwira, koma umathamanga. Ukuopa chete. Ukaonenso bwino, uona kuti mwini wake saopa." Ndinabwerera pa Zalewa ndi maso ena, ndipo ndinaona kuti ankanena zoona. Kuima pamaso pa anthu mazana, osalankhula kanthu, n'kukhulupirira kuti nkhope yako yokha iwagwira, pamafunika mtima wolimba kuposa kulankhula.

Koma kachete kameneko sikakanatheka popanda a Mabedi, ndipo apa ndi pomwe ambiri sitinawapatse ulemu wokwanira iwo ali moyo. Ntchito ya Jakobo inali yoyala mphasa. Iye ndiye ankafotokoza nkhani kuti anthu adziwe kuti tili kuchipatala, kubwalo la milandu kapena pa maliro. Iye ndiye ankafunsa funso m'njira yoti yankho lokhota likhale ndi pogwera. Ndipo Izeki akakhala chete, Jakobo ankayenera kudikira osagwedezeka, nkhope ili ya munthu amene akufunadi yankho lanzeru. Akanangomwetulira nthawi isanakwane, kapena kuponyapo liwu lake lokometsera, zonse zikanatayika. Yankho likagwa, kudabwa kwake ndi kupsa mtima kwake zinkapatsa anthu mpata woseka kachiwiri, chifukwa mwa Jakobo tinkadziona tokha, anthu odziyesa odziwa zinthu amene tapusitsidwa ndi amene timamuyesa wopusa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la nthabwala zawo linkasenzedwa ndi mitu iwiri, wina akuoneka wina akubisala dala.

Chinanso chimene ndimachilemekeza n'chakuti kupusa kwa Izeki sikunali kupusa kwenikweni. Ankatenga mawu monga momwe anenedwera, n'kuwatsata mpaka kumapeto kwake, ndipo pamapetopo chimene chinkaoneka chopanda nzeru chinali lamulo kapena mwambo umene tonse timangoutsatira osafunsa. Chichewa chili ndi mawu ambiri a matanthauzo awiri, miyambi yoti ukaitembenuza pang'ono imaluma mwini wake, ndi ulemu woti ukauchulukitsa umasanduka chipongwe. A Nyanga ankasewera m'malo amenewa ngati mwana wobadwira pa dambo lomwelo. Ichi ndi chifukwa chake nthabwala zawo zimafa ukayesa kuzimasulira m'Chingerezi.

Tizikumbukira nthawi imene luso limeneli linakulira. Mpaka chaka cha 1994 dziko linali pansi pa Kamuzu Banda, ndipo sewero lisanaonetsedwe linkayenera kudutsa kwa akuluakulu a boma ounika mabuku ndi zisudzo. Mawu olembedwa ankatha kuwafufuta ndi cholembera. Koma kutukula chikope, kukhosomola pamalo poyenera, kapena kuchedwa kuyankha, zimenezo papepala sizioneka. Amene anaphunzira zisudzo m'masiku amenewo anaphunzira kulankhula ndi thupi. Panthawiyi zisudzo zolemekezeka zinali za m'Chingerezi: mipikisano ya bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM m'masukulu a sekondale, komanso gulu la Wakhumbata la malemu Du Chisiza Jr, amene anatisiya mu 1999. A Kwathu anasankha Chichewa, chilankhulo cha mapulogalamu a Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino pa wailesi ya MBC, ndipo ankadzaza holo ya French Cultural Centre ku Blantyre ndi anthu a ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni. Wailesi ya kanema ya TVM itayamba mu 1999, ndi matepi a vidiyo atafalikira, nkhope zawo zinafika mpaka m'maboma ngati lathu, limene panthawiyo linali likadali mbali ya Mwanza, kopanda holo ya zisudzo ndiponso kovuta kufikako mvula ikagwa. Kwa ife a ku Ligowe, ku Dambe ndi ku Lisungwi, ambiri sitinawaonepo maso ndi maso, koma mayina awo analowa m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku. Anyamata awiri osasiyana pamudzi ankangotchedwa Izeki ndi Jakobo.

A Nyanga m'zaka zawo zotsiriza analinso mbusa, ndipo ine sindinadabwe nazo. Mlaliki wabwino ndi wanthabwala wabwino amagwira ntchito ndi chida chimodzi: kudziwa nthawi yoimitsa mawu kuti alowe. Anamwalira mu Meyi 2016 ku Blantyre. A Mabedi anapitiriza kutsogolera gulu la Kwathu, kulemba ndi kusewera pamodzi ndi anzawo monga a Charles Mphoka ndi a Emma Chikwembeya, mpaka nawonso anatisiya mu Ogasiti 2021. M'zaka zisanu zimenezo ndinkati ndikawaona pa kanema, ndinkakumbukira wanthabwala wa m'mafilimu Stan Laurel, amene mnzake Oliver Hardy atamwalira mu 1957 sanafunenso kuonekera mu filimu ina. A Mabedi sanasiye bwalo, koma nkhope yawo yodikira ija, imene inaumbidwa kwa zaka zambiri kuti ilandire yankho la munthu mmodzi, inkandigwira pamtima.

Chaka chatha ndinali ku Neno boma, pa sitolo ina pomwe anyamata amatchajitsa mafoni. Atatu anali ataunjikana pa foni imodzi, akuonera kachidutswa kakale ka Izeki ndi Jakobo kamene wina anakatsitsa pa intaneti. Chithunzi chinali chosaoneka bwino, mawu akukanda. Anyamatawo anali ang'onoang'ono, oti pamene a Nyanga ankamwalira n'kuti iwo akuyamba kumene sukulu. Ndinaima kumbuyo kwawo osanena kanthu. Jakobo anafunsa funso lake. Izeki anatembenuka, maso tong'o, milomo ikuyenda. Mnyamata wogwira foniyo anayamba kugwedezeka mapewa, mnzake anamugwira dzanja kuti foni isagwe, ndipo wachitatu anati, "Dikira kaye, sanayankhe."