Makasu a Dima

Mvula ikakhazikika m'mwezi wa Disembala, pamene nkhungu imakuta phiri la Ntchisi kufikira dzuwa litakwera, chisoso ndi mwamunaaligone zitayamba kulimbana ndi chimanga m'mizere, pali chinthu chimene ambirife timachipitirira osacheuka: dima, makasu a anansi ogwera pamodzi m'munda wa agogo amasiye.

Ndinaima panjira yotsikira ku Mvera ndi kupenyetsetsa mayi wina, mwana ali kumsana, m'mene khasu lake linkapalira pafupi ndi mmera osaukhudza. Ndipo atafika pa dzungu loyanga anasiya mpini, nawerama, nazula udzu ndi zala, nakutumula dothi lofiira kumizu yake, pakuti udzu wosakutumula umagwiranso mvula ikangogwa. Munda wa pamtsetse sufuna phuma; mzere ukagumuka, chonde chapita kudambo.

Waganyu amalandira ndalama zake, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma wolima dima amamwa thobwa mumthunzi wa msuku, thukuta likuuma, podziwa kuti mawa makasu omwewa adzalira kwake, popeza mutu umodzi susenza denga. Mwambo wa dima ukadzatha, agogo aja adzakolola udzu.

Inu okhala ndi khasu, mukamva kuitana mbandakucha, musazengereze.