Lipoti Lokoma Silichiza Wodwala

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ine si wa madigiri. Ndine namwino wa dipuloma chabe, ndinaphunzira kumudzi konko pa sukulu ya mishoni, ndipo kuno ku Leicester ndathera zaka zambiri m'mawodi. Komatu pali chinthu chimodzi chimene ife anamwino timachidziwa bwino, ndicho kupereka lipoti. Mukamaweruka naiti m'mawa, mumakhala pansi ndi anzanu olowa ntchito n'kuwafotokozera za wodwala aliyense: uyu sanagone, uyu wakana kudya, uyu magazi akuthamanga. Namwino amene amangoti "onse ali bwino" timamuopa, chifukwa bodza lake limaululika masana, wina atakomoka.

Ndayamba chonchi chifukwa mwana wanga wamkazi ali pa ntchito yosankha yunivesite, ndipo ine monga kholo ndinati ndisangodalira timabuku tokongola timene amatipatsa pa tsiku loonetsa sukulu. Ndinafufuza pa intaneti maminitsi a misonkhano ya mabodi oyang'anira mayunivesite angapo a kuno, momwe muli zimene mkulu woyendetsa sukulu, amene kuno amati Vice-Chancellor, amauza bodi. Zimene ndinaona n'zimene zandipangitsa kugwira cholembera.

Malipoti amenewa amafanana ngati ana a mimba imodzi. Amayamba ndi mphotho zimene sukulu yalandira, kenako nyumba zatsopano, alendo olemekezeka amene anabwera, ndi malo amene sukuluyo yakwera pa mndandanda wa m'nyuzipepala. Zovuta zimabwera kumapeto, zitavekedwa suti. Kuchotsa anthu ntchito amati "kukonzanso kayendetsedwe", kusowa kwa ndalama amati "nyengo yofuna kusamala". Ndiye pansi pake mlembi amalemba liwu limodzi la Chingerezi, lakuti "noted", kutanthauza kuti bodi yamva. Yamva, inde, koma inafunsa chiyani? Ndani anatsutsa? Nthawi zambiri maminitsi amakhala chete.

Wina anganene kuti ndikukokomeza. Tiyeni tikumbutsane zimene zinachitika pakhomo pathu pomwe pano, ku De Montfort University, sukulu imene imaphunzitsa anamwino ambiri amene timagwira nawo ntchito mumzinda uno. Bambo Dominic Shellard anayendetsa sukuluyi kuyambira 2010, ndipo za kunyadira zinalipo zenizeni. Nyumba ya Vijay Patel inatsegulidwa mu 2016. Mu 2017 sukuluyi inapatsidwa mlingo wa golide pa kaphunzitsidwe, ndipo chaka chomwecho inatengera ophunzira oposa 1,000 ku New York pa ulendo umodzi. Aliyense wodutsa pafupi ndi mtsinje wa Soar ankaona ndi maso ake kuti malo asintha.

Koma mu February 2019 a Shellard anatula pansi udindo, wapampando wa bodi atachoka kale miyezi ingapo m'mbuyomo. Zinadziwika kuti malipiro awo anali atakwera kuchoka pa £286,000 kufika pa £350,000 m'chaka chimodzi. Bungwe la boma loyang'anira mayunivesite ku England, la Office for Students, linafufuza, ndipo mu July 2019 sukuluyo inavomera yokha kuti kayendetsedwe kake kanali ndi zofooka zazikulu, komanso kuti bodi sinkayang'anira mokwanira atsogoleri ake, makamaka Vice-Chancellor. Inatulutsa ndondomeko yokonza zinthu, ndipo mu 2021 kunabwera mtsogoleri watsopano, Mayi Katie Normington. Apa tiyamikire kuti anavomera poyera. Koma funso langa n'lakuti, zaka zonse zija za mphotho ndi maulendo, bodi inkamva malipoti otani? Nanga inkafunsa mafunso otani?

Ife a zaumoyo phunziro limeneli tinaliphunzira ndi misozi. Ku chipatala cha Stafford, pakati pa 2005 ndi 2009, odwala anavutika kosaneneka pomwe akuluakulu maso awo anali pa ndalama ndi manambala oti akondweretse boma. Lipoti la a Robert Francis la mu 2013, lokhala ndi malangizo 290, linaonetsa kuti bodi sinkamvera odwala ngakhale antchito ake. Kuchokera apo kunabwera lamulo lokakamiza zipatala kuuza wodwala chilungamo zinthu zikalakwika. Ku yunivesite munthu safa ayi, koma mwana amene walipira £9,535 pa chaka, monga zinalili mu 2025, kapena wochokera kunja amene amalipira zoposa pamenepo makolo atagulitsa munda, akapeza kuti mphunzitsi wake wachotsedwa ntchito pakati pa maphunziro, bala lake nalonso silipola msanga.

Ndisakhale wokondera. Mtsogoleri ali ndi ufulu wonena zabwino zimene antchito ake achita, ndipo sukulu yongolira mavuto ingathawitse ophunzira. Komanso anthu ambiri a m'mabodi amenewa ndi ongodzipereka, ali ndi ntchito zawo, amakumana kangapo pa chaka, ndipo mapepala amene amawerenga amakonzedwa ndi anthu omwewo amene iwo ayenera kuwayang'anira. Vuto lagona pamenepo. Mlonda akamadalira mwini sitolo yekha kuti amuuze ngati chitseko n'chokhoma, ulonda wake ndi wa dzina chabe.

Nkhaniyi ndi yofunika kwambiri masiku ano chifukwa mayunivesite ambiri ku England ali pa mavuto a ndalama. Fizi ya ophunzira a m'dziko muno inaima pa £9,250 kuyambira 2017 mpaka 2025 pomwe mitengo ya zinthu inkakwera, ndipo sukulu zinadalira kwambiri ophunzira ochokera kunja. Kuyambira January 2024 boma linaletsa ambiri mwa ophunzira amenewa kubwera ndi mabanja awo, ndipo chiwerengero chinatsika. M'nyengo yotere, lipoti la uchi lokhalokha ndi loopsa.

Kwathu nakonso tisadziyese opulumuka. Mu 2011 khonsolo ya University of Malawi inachotsa ntchito aphunzitsi anayi a ku Chancellor College pa nkhani ya ufulu wa kaphunzitsidwe, ndipo maphunziro anasokonekera miyezi yambiri mpaka aphunzitsiwo atabwezeredwa. Khonsolo ikamamvera kumwamba kokha, ovutika ndi ana. Mu 2021 yunivesiteyi inagawidwa, n'kubadwa MUBAS ndi KUHeS, komwe kunalowa Kamuzu College of Nursing. Iliyonse ili ndi khonsolo yakeyake, ndipo pemphero langa n'lakuti zisatengere matenda a "bodi yamva".

Nanga lipoti labwino lingaoneke bwanji? Lingofanana ndi la m'wodi. Liyambe ndi wodwalitsitsa: ndi maphunziro ati amene ana akusiyira panjira, ndipo chifukwa chiyani? Linene zimene analonjeza chaka chatha koma sizinatheke. Litchule zinthu ndi maina ake enieni. Ngati anthu achotsedwa ntchito, linene kuti angati. Ndipo a bodi, monga sisitala wanzeru amene akamva lipoti amadzuka n'kukazungulira mabedi yekha, azipita kukacheza ndi ophunzira, aphunzitsi ndi osesa omwe, popanda bwana kuwaperekeza.

Ife makolo tilinso ndi mbali yathu. Maminitsi ambiri ali poyera pa intaneti, ndipo lamulo la Freedom of Information Act la mu 2000 limatipatsa mwayi wofunsa mayunivesite zimene tikufuna kudziwa. M'mabodi ambiri mumakhalanso woimira ophunzira, choncho tiwalimbikitse ana athu kuvota pa zisankho za bungwe la ophunzira, ngakhale kupikisana nawo kumene. Tisamangoti ndife alendo, za eni ake zitipitirire. Ndalama zathu zikulowa momwemo, tsogolo la ana athu lilinso momwemo.

Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Bodi imene siitsina khutu mtsogoleri wake sikumukonda, ikungomuperekeza kuphompho. Ine mwana wanga ndamuuza kuti nyumba zagalasi azione ndithu, koma tisanasaine chilichonse, tikhala pansi tonse awiri, tiwerenge zimene bodi ya sukuluyo inafunsa.