Bambo wofuna kuthawira ku Africa

Buku la Kenzaburo Oe, A Personal Matter, ndidaliwerenga koyamba ndili mnyamata, m'Chingerezi cha John Nathan, ndipo ndidangoti mwini nkhaniyi ndi galu wa munthu basi. Mwezi wathawu ndalibwereza, mwana wanga wamwamuna atakwanitsa zaka zinayi asanatchulebe liwu loti "amayi". Ulendo uno kutukwana kudandikanika.

Nkhani yake ili motere. Bird, mphunzitsi wa zaka 27 wa ku Japan, ali m'sitolo kugula mapu a Africa pomwe mkazi wake ali pakati pa moyo ndi imfa kuchipatala cha amayi. Mtima wake wonse uli pa ulendo wa ku Africa. Khanda libadwa ndi chotupa chachikulu kumutu, madokotala nkunena kuti ndi ubongo watulukira kunja, ndipo likapulumuka silidzakhala ngati ana anzake. Bird athawira kwa chibwenzi chake chakale, Himiko. Apapira mowa mpaka kukasanza pamaso pa ophunzira, ntchito nkuthera pomwepo. Chonyansa koposa nchakuti amvana ndi dokotala wina kuti khandalo lizipatsidwa madzi a shuga m'malo mwa mkaka, lifooke, lidzifere lokha.

Oe sadachite kulota zimenezi. Mwana wake Hikari adabadwa ndi vuto la kumutu lotereli mu 1963, bukuli nkutuluka mu 1964, bala likadali laliwisi. Nchifukwa chake mlembiyu sakumusambitsa Bird. Akutionetsa manyazi a bambo, aja sitiwatchula ngakhale kwa mkazi wathu. Ine sindidamufunirepo imfa mwana wanga, Mulungu ndi mboni, koma ndidasiya kupita naye kutchalitchi nditamva amayi ena akunong'onezana kuti ndidamukhwimira kuti ndilemere. Kulemera kwake kuti, munthu wopanda ndi njinga yomwe? Tsiku limenelo ndidamusiya kunyumba ndi mlongo wake, ndipo ndidapemphera momasuka. Kumasuka kumeneko ndiko ndakupeza mwa Bird, ndipo kwandiwawa.

Za Africa wakeyo zidandiseketsa pang'ono. Kwa Bird, kuno ndi dziko la pamapu, lopanda matewera, lopanda apongozi, lopanda mzere wa kusikelo. Nanga ife tili ku Africa komweko tizithawira kuti? Ku Joni, eti. Aliyense mwa inu awerengi akudziwapo bambo amene adakwera basi mwana atangoyamba kuonetsa zachilendo, nkungotumizako ndalama kawiri basi.

Komatu bukuli lili ndi chilema, ndipo chili kumapeto. Atalipereka kale khandalo kwa dokotala wa kuseri woti alimalize, Bird asintha maganizo usiku womwewo, akalitenga, madokotala nkulichita opaleshoni. Kenaka tiuzidwa kuti sudali ubongo ayi, chidali chotupa wamba, ngakhale nzeru za mwanayo mwina zidzakhala zochepa. Apongozi akumwetulira, Bird wakula. Mlembi mnzake Yukio Mishima adadandaula kuti mathero amenewa ngotsekemera mopitiriza. Ndikugwirizana naye, koma changa chifukwa nchina. Kusankha pakati pa kupha ndi kupulumutsa nkwa usiku umodzi. Ambirife tilibe chotupa choti dokotala adule. Tili ndi mwana wooneka bwinobwino amene adakhala pansi mochedwa, adayenda mochedwa, ukamuitana sacheuka, ndipo aliyense akungoti dikirani, ana aamuna amachedwa kuyankhula. Udikira chaka, udikira china. Pamene bukuli latsekera mpamene nkhawa ya kholo imayambira.

Nanga mayi wa mwanayo? Oe sadamupatse ndi dzina lomwe. Wangomugoneka pabedi, akubisiridwa zoona, pomwe ife tikuzungulira ndi mwamuna wake m'mabala. Kwathu kuno amene amabereka kumbuyo chimwana cha zaka zinayi, msana uli gwa, ndi mayi. Amene amafunsidwa kuti adalakwira mwambo uti ali woyembekezera ndi mayi yemweyo. Buku lake la iyeyu ndikanakonda kuliwerenga.

Kunena zoona, Oe adabwereranso kwa mwana wake m'mabuku ena, monga Rouse Up O Young Men of the New Age! la mu 1983, m'mene mwana uja ndi wamkulu ndipo bambo akulimbana ndi za tsiku ndi tsiku. Hikari weniweniyo adakula akumvetsera malekodi a kulira kwa mbalame, ndipo chiganizo chake choyamba, ali ndi zaka 6, chidali kutchula dzina la mbalame imene adaimva kutchire. Adadzakhala wopeka nyimbo, chimbale chake choyamba nkutuluka mu 1992. Bambo ake adalandira mphoto ya Nobel mu 1994, ndipo adamwalira mu 2023.

Mbiri ya Hikari imeneyi ndimaiopa kuposa buku lenilenilo, chifukwa imanyengerera. Nditangoiwerenga ndidapezeka ndamunyamula mwana wanga mbandakucha, kukaima naye pansi pa mtengo wa mango kuti amve apumbwa. Iye sadayang'ane kumwamba nkomwe. Adatsetsereka m'manja mwanga nkubwerera kukhonde kukandandalika zitsekerero zake za mabotolo, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Lachinayi likubwerali mayi ake ndi ine tikupita naye kukayezetsa makutu.