Nkhalamba ya ku Pune ndi Buku Lake Lokumbukira Moyo: Kusanthula Light on Life

B.K.S. Iyengar anatulutsa buku la Light on Life m'chaka cha 2005, ali ndi zaka 86. Dziko linali litamudziwa kale chifukwa cha Light on Yoga, buku la mu 1966 lokhala ndi zithunzi pafupifupi 600 zoonetsa kapindidwe ka thupi. Buku lachiwirili zithunzi zake n'zochepa. Muli mawu a nkhalamba imene ikuyang'ana m'mbuyo pa zaka pafupifupi 70 za kuchita ndi kuphunzitsa yoga, n'kumawerengera chimene yapindula.

Mphamvu ya bukuli yagona pa mbiri ya mwini wake. Iyengar anabadwa mu 1918 m'mudzi wa Bellur, kumwera kwa India, m'banja losauka, nthawi imene mliri wa chimfine unkasesa anthu padziko lonse. Ubwana wake unathera pamphasa ndi malungo, chifuwa chachikulu ndi tayifodi. Mu 1934 mlamu wake, T. Krishnamacharya, anamuitanira ku Mysore kuti akaphunzire yoga, ndipo mu 1937 anatumizidwa ku Pune kukaphunzitsa akadali mnyamata wowonda, wosadziwa bwino Chingerezi. Munthu wotere akamanena za thupi, amanena ngati mlimi amene anatsegula yekha munda pamalo a miyala. Woŵerenga amamukhulupirira.

Bukuli lakonzedwa motsata chiphunzitso chakale cha ku India chakuti munthu ali ndi zikuto zisanu, china mkati mwa chinzake: thupi, mpweya, maganizo, nzeru ndi chimwemwe cha mkatikati. Mitu yoyambirira ndiyo yokoma koposa. Iyengar amasiyanitsa ululu umene umamanga ndi ululu umene umawononga, ndipo amati wophunzira ayenera kudziwa kumva kusiyanako m'thupi mwake. Apa mpamene tikumvetsa chifukwa chimene iye anayambitsira kugwiritsa ntchito zingwe, mabulangete, mipando ndi timatabwa pophunzitsa. Ankafuna kuti wodwala, wokalamba ndi wouma thupi asatsalire pakhomo. Mphunzitsi aliyense, kaya wa sukulu kaya wa madrasa, angatolepo kanthu: phunziro likamukanika mwana, yamba wasintha kaphunzitsidwe usanamutche mbuli.

Pofotokoza za maganizo, Iyengar amagwiritsa ntchito fanizo limene ife a m'mbali mwa nyanja sitingavutike nalo. Amayerekeza mtima wa munthu ndi nyanja, ndipo zizoloŵezi amaziyerekeza ndi milu ya mchenga younjikana pansi pa madzi. Chochita chilichonse chimawonjezera kamchenga pamulupo, mpaka muluwo uyamba kudzutsa mafunde ake pamwamba ngakhale kulibe mphepo. Msodzi amadziwa kuti madzi akamasweka pamalo amodzi tsiku ndi tsiku, pansi pali kanthu. Ndi fanizo limeneli mlembi akulongosola mkwiyo, umbombo ndi chilakolako popanda mawu ovuta, ndipo akusonyeza kuti chizoloŵezi chabwino chimaunjikananso pang'onopang'ono mwa njira yomweyo.

Komabe bukuli lili ndi zofooka ziwiri zofunika kuzitchula. Choyamba, Iyengar analilemba mothandizidwa ndi John J. Evans ndi Douglas Abrams, ndipo mawu ake asalala mopitirira. Ophunzira ake ambiri anamudziwa ngati mphunzitsi waukali, wokalipa ndi womenya mbama pokonza kaimidwe ka munthu, mpaka ena ankaseka kuti zilembo za dzina lake zikuimira kumenya. Iye mwini anakulira m'manja mwa mphunzitsi wouma mtima. Funso lalikulu ndi ili: kodi nkhanza zimene munthu anaphunzira nazo ayenera kuzipereka kwa ana ake ngati cholowa? Bukuli limaona ukali ngati chifundo chovala nkhope yoopsa, koma silikhala pansi ndi wophunzira amene anachoka akulira osabweranso.

Chofooka chachiwiri chikutikhudza ife Asilamu. Iyengar amanena motsindika kuti yoga ndi ya anthu onse, a chipembedzo chilichonse. M'mitu ya thupi ndi mpweya zimenezi n'zomveka, pakuti kuwongola msana ndi kupuma mofatsa si kupembedza. Koma mitu yomalizira imatsogolera woŵerenga ku chiphunzitso chakuti mzimu wa munthu umakasungunuka mu Mzimu Wamkulu ngati mtsinje wothira m'nyanja. Tauhidi imaika malire pakati pa Mlengi ndi cholengedwa, ndipo malirewo safufutika. Ndiponso makalasi a Iyengar amayamba ndi mawu otamanda Patanjali, mlembi wakale wa malamulo a yoga. Mlembi wadutsa pamfundoyi mofulumira, ngati kuti kusiyanaku n'kwa mayina chabe.

Nkhaniyi siinayambe lero pakati pa Asilamu. Zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, al-Biruni anamasulira buku la Patanjali m'Chiarabu, akufuna kumvetsa anthu a ku India popanda kusiya chikhulupiriro chake. Mu 2008 bungwe la fatwa la dziko la Malaysia linaletsa Asilamu kuchita yoga, potchula mawu obwerezabwereza a mapemphero a Chihindu amene amalowamo. Mu 2009 mashehe a ku Indonesia analetsa yoga yokhala ndi miyambo yotere, koma analola yochitira kulimbitsa thupi basi. Kusiyanitsa kumeneku, kumene Iyengar sanafune kukuchita, woŵerenga wa Chisilamu ayenera kukuchita yekha.

Iyengar anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95. Sanathawire kuphiri: anakwatira, analera ana asanu ndi mmodzi, ndipo sukulu yake ya ku Pune, yotsegulidwa mu 1975, anaitcha dzina la mkazi wake Ramamani. Bukuli ndi loyenera aphunzitsi, osamalira odwala ndi aliyense amene thupi layamba kumukana. Liŵerengeni monga mudyera chambo: mnofu wake ndi wambiri, koma minga yake ili m'mitu yomalizira, ndipo si buku lopatsa mwana kuti adye yekha.