Mwana wasowa m'ndege: kuunika kanema wa Flightplan

Kanema wa Flightplan, amene Robert Schwentke anatulutsa mu 2005, ndinamuonera m'kanyumba ka vidiyo pa Mtakataka, pakati pa ogulitsa nsomba ndi anyamata a kabaza. Ambirife ndege timangoiona ikudutsa m'mwamba, komabe kwa ola lathunthu munalibe wotsokomola. Kenaka, chakumapeto, anthu anayamba kuseka pamalo posaseketsa. Chete uja ndi kuseka kuja ndiko kukoma ndi kufooka kwa kanemayu.

Nkhani yake nayi. Kyle Pratt, yemwe akuseweredwa ndi Jodie Foster, ndi injiniya wa ndege. Mwamuna wake wamwalira ku Berlin, ndipo iye akuperekeza maliro ku New York pamodzi ndi mwana wake Julia wa zaka 6. Mayiyu atangoti tulo pang'ono, podzuka mwana palibe. Afunsa oyandikana nawo, onse akuti sanamuone. Ogwira ntchito m'ndege atulutsa mndandanda wa okwera, dzina la Julia mulibe. Kenaka uthenga ufika wakuti mwanayo anamwalira kale limodzi ndi bambo ake.

Apa ndiye pali mphamvu ya kanemayu. M'ndege mulibe kothawira, choncho wolakwa ali momwemo, mwina pampando woyandikana nawe. Foster naye akusewera mogwira mtima, mpaka woonera ayamba kukayika: kodi chisoni sichinamuzunguze mutu mayiyu? Umboni wokhawo ndi kamtima kamene mwana anajambula ndi chala pazenera, kamene kakuonekeranso mayi atapumirapo. Nzeruyi si yatsopano. Alfred Hitchcock anaigwiritsa kale ntchito mu The Lady Vanishes wa 1938, momwe mayi wachikulire asowa m'sitima atalemba dzina lake pazenera. Koma kubwereka kwake n'kwaulemu.

Ife Amalawi chete ameneyu tikumudziwa. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Matenje, a Gadama ndi a Sangala, pamodzi ndi phungu a Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Panapita zaka zoposa 10 kuti bungwe lofufuza linene poyera kuti anachita kuphedwa. Pepala la akuluakulu likanena kuti chimene waona sunachione, ndipo anzako akayang'ana kumbali, umatsala wekha ngati wamisala. Ola loyamba la Flightplan likunena zimenezi bwino zedi.

Tsono vuto lifika pomasula mfundo. Tiuzidwa kuti zonse wakonza ndi Carson, wachitetezo wa m'ndege, mogwirizana ndi mtsikana wina wogwira ntchito momwemo komanso mkulu wa kumochale ku Berlin. Abisa mabomba m'bokosi la maliro, afuna madola 50 miliyoni, ndipo mlandu ugwere mayi uja. Abale, chiwembu chotere chikudalira mwayi wokhawokha! Anadziwa bwanji kuti mwa anthu mazanamazana palibe adzaone mwana akukwera? Anadziwa bwanji kuti mayi adzagona? Mayi wina wokhala kumbuyo kwanga anangoti, "Iii, m'minibasi ya ku Golomoti mwana angasowe choncho, kondakitala osamuwerenga?" Nyumba yonse inafa nacho chiseko, ndipo ine ndinalibe choyankha.

Wolemba anafuna ziwiri: nkhani ya mumtima ndi nkhani ya zibakera ndi mabomba. Paja akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ndege itatera ku Goose Bay, mayi wachisoni uja wasanduka msilikali, ndipo funso lalikulu, lakuti n'chifukwa chiyani anthu amasankha kusaona, latayidwa panjira.

Palinso china chondiwawa. Pofunafuna mwana, Kyle aloza chala Aluya ena popanda umboni, okwera anzake n'kumuvomereza. Choona chitadziwika, Mluya ndiye amunyamulira chikwama, koma mawu akuti pepani sitiwamva. Kanema wodandaula za munthu wosakhulupiriridwa sanayenera kupeputsa mnzake wonamiziridwa.

Alembi athu ofuna kuyesa nkhani zachinsinsi aphunzirepo apa: kumanga mfundo n'kosavuta, luso lili pomasula. Flightplan muonereni ndithu, koma ola loyamba likatha musadzati sindinakuchenjezeni.