Osema ng'oma a ku Marávia

Mmisiri wa ng'oma sagula thabwa pamsika. Amalowa yekha m'thengo, nkhwangwa ili paphewa, n'kumayenda akugogoda mitengo ndi msana wa nkhwangwayo, khutu lili tcheru. Kumapiri a ku Marávia, boma la m'chigawo cha Tete lomwe likulu lake ndi Fingoé, mitengo imene mmisiri amaisaka ndi yomwe ija amaisakanso anzake a ku Katete ndi ku Dedza. Wina ndi mlombwa, chifukwa ukamauma supindika komanso sung'aluka chisawawa. Wina ndi mtondo, umene ukakalamba nthawi zambiri umakhala ndi mphako, ndiye kuti theka la ntchito yoboola wagwira kale wokha. Mtengo ukayankha mokhuta, iye amauzungulira, kuyang'ana ngati uli ndi mfundo kapena ngati anankafumbwe anaulowa. Akakhutira amagwetsa, n'kudula chipika cha msinkhu wa ng'oma imene ili m'mutu mwake.

Kusema kunja sikuvuta kwenikweni. Sompho imadya mofulumira, ndipo pofika madzulo chiuno cha ng'oma chimakhala chayamba kuoneka. Luso lenileni lili m'kati, kumene diso silifika. Mmisiri amakhala pansi, chipika chili pakati pa miyendo, n'kumakumba ndi chitsulo chachitali chonoledwa kunsonga, pang'onopang'ono, akutulutsa zipalapala ndi dzanja. Akakumba pang'ono amaleka. Dzanja limodzi amalowetsa m'kati, lina amaika kunja, n'kumayenda nawo onse awiri mozungulira kuti amve ngati khoma lalingana. Kenako amagogoda ndi chala n'kumvetsera. Khoma likachindikala, ng'oma imalira ngati munthu wachimfine. Likapyapyala kwambiri, imadzang'aluka tsiku loyamba kuiyandikiza kumoto. Palibe chingwe choyezera pamenepa, ndipo mmisiri wabwino sangakuuzeni kuti khomalo ndi la masentimita angati. Amangodziwa kuti apa pakwana. Ine ndimaona kuti nzeru yotere, yokhala kunsonga za zala, ndi yovuta kuiphunzira kuposa zambiri zimene timalandirira masatifiketi.

Chipika chobooledwa amachiumitsa pamthunzi, osati padzuwa. Chikauma ndiye imabwera ntchito imene munthu mmodzi sangaithe. Chikopa cha ng'ombe kapena cha mbuzi amachiviika m'madzi mpaka chifewe, n'kuchiyala pakamwa pa ng'oma. Amuna angapo amagwira m'mbali n'kumakoka, mmisiri akukhoma zikhomo m'mabowo amene anaboola kale. Sakhoma mondondoza. Akakhoma kuno amadumphira kutsidya, akakhoma uko amabwerera chapakati, kuti chikopa chisapendekere mbali imodzi. Wina akafooka dzanja, khwinya limaoneka pomwepo, ndipo onse amayambiranso. Chikopa chikauma amapala ubweya ndi mpeni, kenako pakatikati amamatapo phula, lina la njuchi, lina la nsatsi zosinja. Phula limalemeretsa chikopa kuti mawu atsike ndi kukhuta. Moto umachita zosiyana: ukawamba ng'oma, chikopa chimakungika ndipo mawu amakwera. Woimba amasewera pakati pa ziwirizi usiku wonse, kuonjezera phula, kuchotsako, kuthamangira ku moto wa udzu, kugogoda, kubwerera pabwalo.

Ntchito imeneyi anthu a ku Marávia anaigwira pakati pa zinthu zimene zikadatha kuitheratu. Mu 1968 a Frelimo anatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete, akulowera ku Zambia, ndipo dera lino la m'malire linali panjira pawo. Apwitikizi, pofuna kuteteza damu la Cahora Bassa limene anayamba kumanga mu 1969, anasonkhanitsa anthu ambiri a m'chigawochi m'midzi yolonderedwa ndi asilikali, kutali ndi minda ndi manda a makolo awo. Ufulu utabwera mu 1975, boma latsopano linachotsa mphamvu mafumu ndipo miyambo yambiri linaiona ngati yobwezera anthu m'mbuyo. Kwa Achewa limeneli linali bala lalikulu, pakuti gule wamkulu amayendera mzinda, kutanthauza ufulu wokhala ndi bwalo la gule, ndipo mzinda ndi wa mfumu. Kenako inabwera nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, imene inatha pa 4 Okutobala 1992 ndi pangano la ku Rome, itapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Ku Malawi kunathawira anthu oposa miliyoni. A m'maboma a kumpoto kwa Tete oyandikana ndi Zambia ambiri anawolokera kumeneko, ndipo mu 1987 kunatsegulidwa malo a othawa nkhondo a Ukwimi m'boma la Petauke, kumene kunakhala anthu oposa 20,000 mpaka pamene anabwerera kwawo cha m'ma 1994.

Wothawa nkhondo amanyamula mwana, mphika, bulangete. Ng'oma yaikulu ngati gunda sanyamula. Ng'oma zotsala m'midzi yopanda anthu zimadyedwa ndi chiswe kapena kupsa pamodzi ndi nyumba. Ndipo pobwerera, ngakhale kulowa m'thengo kukafuna mtengo kunali kuika moyo pachiswe, popeza mabomba okwirira anali m'malo ambiri. Dziko la Mozambique linalengezedwa kuti lachotsa onse odziwika mu 2015.

Obwererawo anapeza mabwinja, koma chowalemera koposa chinali maliro osatha. Kwa Mchewa, imfa sithera pa kukwirira. Pali adzukulu okumba manda ndi kusamalira mtembo, pali kumeta, pali mowa umene umafululidwa pakapita nthawi kuti mzimu uperekezedwe ukakhale pakati pa makolo, ndipo amoyo amasuke. Nkhondo inadula zonsezi pakati. Ena anafera m'njira, n'kufotseredwa ndi masamba. Ena anatengedwa usiku, osaonekanso. Boma silinakhazikitse bwalo loti anthu akafotokoze zimene zinawachitikira. Mu Okutobala 1992 nyumba ya malamulo inangokhululukira milandu yonse ya nkhondo. Wopha ndi wophedwera anabwerera kukatunga pachitsime chimodzi. Akatswiri monga Alcinda Honwana, amene anafufuza kumwera kwa dzikolo, ndi Victor Igreja, amene anafufuza ku Gorongosa, anaonetsa kuti ntchito yaikulu yobwezeretsa anthu m'malo mwawo inagwiridwa ndi miyambo ya m'midzi momwemo. Kwa Achewa, mwambo woperekeza wakufa umafuna ng'oma. Choncho mmisiri wosema anali pachiyambi penipeni pa machiritsowo, ngakhale dzina lake silinalembedwe mu lipoti lililonse.

Za kudambwe, kumalo obisika a gule, sindizikhudza pano. Eni ake ndiwo amadziwa, ndipo zimayenera kukhala choncho. Ndikunena zimene aliyense woima m'mphepete mwa bwalo amaona ndi kumva.

Ng'oma za gule ndi banja, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake, ngakhale maina amasiyanako malinga ndi dera. Mpanje amagwira mayendedwe osasintha. Gunda amaika mawu apansi amene umawamva m'chifuwa usanawamve m'khutu. Pamwamba pa onsewa pali mbalule, ndipo woimba mbalule ndiye munthu amene ndimamusirira koposa m'luso lonseli. Iye sayang'ana ng'oma yake. Maso ake ali pa mapazi a chilombo. Phazi likapalasa fumbi, mbalule wanena kale. Chilombo chikadumpha, iye amasiya kaye mpata, n'kumenya pa nthawi yeniyeni imene mapazi afika pansi. Chikanyengezera kupita kumanja n'kutembenukira kumanzere, iye sagwa nazo m'mbuna. Amakhala ataliona phewa lisanatembenuke. Dzanja limodzi limamenya m'mphepete pofuna mawu akuthwa, lina limapanikiza pakati pa phula kuti liwu litsamwe, ndipo mwa kusinthanitsa ziwirizi ng'oma imayankhula. Gule akapanda kukhutira ndi maimbidwe, amaima chilili pamaso pa anthu onse, ndipo manyazi amagwera woimba. Nchifukwa chake mnyamata amakhala nthawi yaitali pa ng'oma zing'onozing'ono, akuphunzira kusataya mayendedwe ngakhale mbalule apenge bwanji pambali pake, asanaloledwe kukhudza mbaluleyo.

Taganizani tsono za munthu amene tulo lake linatha ndi nkhondo, amene chitseko chikamenyeka amadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Pa mpanje munthu wotereyu sangakhale kwina. Maganizo akangothawira ku zimene anaona, dzanja limachedwa, ndipo mnzake amamugunda ndi chigongono kuti abwerere. Kwa maola angapo thupi lake limachita chinthu chimodzi pamodzi ndi matupi ena, phokoso lalikulu lili ponseponse koma lopanda choopsa. Palibe amene wamufunsa kuti afotokoze. M'madera ambiri a Mozambique anthu ankaona kuti kubwereza nkhani za nkhondo ndi pakamwa n'kuitana zoipazo kuti zibwerenso, ndipo uphungu wokhazika munthu pampando kuti anene zonse sunkawalowa mumtima. Ng'oma imamulola munthu kulira osatchula kanthu.

Amayi ndiwo amanyamula theka lina la ntchitoyi, ndipo sayamikiridwa mokwanira. Popanda mzere wawo wowomba m'manja ndi kupolokozana nyimbo, ng'oma zimangosokosa. Mayi wotsogolera amayenera kukhala ndi liwu lopyola ng'oma zonse, komanso kudziwa nyimbo ya chilombo chilichonse chisanafike pabwalo. Namfedwa sakhala patali. Amakhala pakati pa anzake, ndipo akalephera kuimba ena amamuimbira mpaka liwu lake litabwerera. Kasiyamaliro akatulukira, wamtali, nyanga zili m'mwamba, n'kuyamba kuzungulira mofatsa, aliyense amadziwa kuti wakufa waperekezedwa. Munthu amene wadikira zaka zambiri kuti m'bale wake alandire ulemu umenewu amabwerera kunyumba atatula kanthu.

A kunja kwa midziyi nawonso anayesetsa, ndipo ena anachita bwino. Mu 1988 ku Lhanguene, mumzinda wa Maputo, bungwe la Save the Children pamodzi ndi katswiri wa za maganizo Neil Boothby linasamalira anyamata amene anagwidwa n'kuphunzitsidwa nkhondo. Anagwiritsa ntchito kujambula, zisudzo ndi magule. Boothby atawalondola patapita zaka 16, anapeza kuti ambiri anakula kukhala abambo odalirika, ngakhale zokumbukira zoipa sizinawasiyiretu, ndipo kuti chimene chinawathandiza kwambiri chinali kulandiridwa ndi mabanja awo kudzera m'miyambo yoyeretsa. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mfuti zina zinadulidwa n'kuperekedwa kwa amisiri a ku Núcleo de Arte, ndipo Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, anapanga nazo mpando umene lero uli ku British Museum ku London. Ndimalemekeza ntchito zimenezi. Komabe mpando uja ukuonedwa ndi alendo kutsidya kwa nyanja, pamene ng'oma yosemedwa m'mudzi imatsala m'mudzimo, n'kulira pa maliro a chaka chino ndi a chaka chamawa. Amene amabwera ndi maphunziro a masiku atatu, mapepala ndi utoto m'galimoto, angachite bwino kuyamba afunsa kuti wosema ng'oma pamudzipo ndani, ndipo akusowa chiyani.

Sindikunena kuti ng'oma imachiza zonse. Alipo amene mutu unasokonekera moti amafunika chipatala ndi mankhwala. Alipo amayi amene anachitidwa zachipongwe m'nkhondo, n'kukalamba nazo chamumtima chifukwa bwalo linalibe nyimbo ya zimenezo. Ndipo Akhristu ena safika pabwalo la gule, machiritso awo amawapeza m'kwaya; ngakhale kumeneko, ng'oma imene ikulira inasemedwa ndi mmisiri yemweyo.

Lero zinthu zina zayenda bwino. Mu 2000 boma linazindikiranso mafumu mwalamulo. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kukhala chuma cha anthu onse, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti Achewa a ku Tete amawoloka malire kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Koma ulemu wonsewu umapita kwa ovina, pamene mmisiri wa ng'oma akukumana ndi vuto limene nkhondo yomwe sinamubweretsere. Mitengo ikuluikulu ikutha. Kwa zaka zambiri nkhalango za ku Tete zadulidwa, malole akutuluka ndi zipika zopita kudoko la Beira, zambiri kupita ku China, ndipo mlombwa ndi umodzi mwa mitengo yofunidwa kwambiri. Tsinde lokwanira gunda limatenga zaka makumimakumi kuti likule. Likasowa, anyamata amakunga chikopa pa chitini kapena pa paipi, ndipo ng'oma yotero imalira ndithu, koma wopanga saphunzirapo kumva khoma la mtengo ndi manja awiri.

Malamulo a Mozambique amati 20 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera kwa odula mitengo izibwerera kwa anthu a m'dera limene mitengoyo yadulidwa. Makomiti a m'midzi ya ku Marávia amene amalandira ndalamazi amakhala ndi zosowa zambiri, mijigo, zigayo, malata a sukulu, ndipo palibe angawadzudzule. Ndikadakhala pamsonkhano wawo ndikadapempha zinthu ziwiri zotsika mtengo: kuti mfumu iliyonse ya mzinda iike chizindikiro pa milombwa ndi mitondo ingapo imene wodula aliyense asaikhudze, ndiponso kuti mmisiri wokalamba azilandirako kangachepe pa mnyamata aliyense amene wakhala naye pambali kuyambira tsiku logwetsa mtengo mpaka tsiku lomata phula.